Kugona m'nyumba za amalonda akale a mu Stone Town

Hotela yaing'ono koma yapamwamba ya mu Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar, kawirikawiri imakhala nyumba ya wamalonda wolemera wa zaka za m'ma 1800 imene inakonzedwanso kuti izilandira alendo. Zipinda zake sizichuluka: khumi, khumi ndi ziwiri, mwina makumi awiri ikakhala yokulirapo. Palibe chipinda chofanana ndi chinzake, poti womanga nyumbayo ankaganizira za akazi ake, ana, antchito ndi katundu wa malonda, osati za alendo olipira. M'nyengo imene alendo amachuluka, usiku umodzi m'mahotela otchuka a mtunduwu umadya madola mazana awiri kapena kuposerapo. Ndalama yomweyo, kumagombe a Nungwi kapena Paje, munthu angapeze nayo chipinda chotakasuka, dziwe losambiramo ndi mchenga woyera pakhomo penipeni. Mu Stone Town amapeza nayo masitepe ataliatali, makoma ochindikala ndi phokoso la mabanja okhala moyandikana ndi hotelayo. Wosankha kugona kumeneko amakhala akulipira nyumbayo, ndipo zabwino ndi zovuta zonse za ulendo wake zimachokera m'kamangidwe kake.

Eni mzindawu amautcha Mji Mkongwe, kutanthauza mzinda wakale. Unakula mofulumira Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar cha m'ma 1840. Aluya anatsegula minda ya karafuu, zokometsera zakudya zimene zinatchukitsa chilumbachi, Amwenye ankabwereketsa ndalama ndi kutolera msonkho padoko, ndipo maulendo a amalonda ankapita kumtunda kukasaka minyanga ya njovu ndi akapolo. Chuma chimenecho n'chimene chinamanga nyumba pafupifupi 1,700 zimene zathinana pa kamtunda kolowa m'nyanja. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika Stone Town pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi.

Makoma a nyumbazi ndi a miyala ya korali, yochokera m'nyanja, yomangidwa ndi dothi losakaniza ndi njereza. Mwala umenewu ndi wofewa, uli ndi timabowo ngati chinkhupule, choncho khoma limayenera kuchindikala kuti linyamule nyumba yosanjikizana katatu kapena kanayi. Kuchindikalako n'kumene kumasunga kuzizira m'kati dzuwa likamaswa mtengo kunja. Pamwamba pa chipinda chilichonse pamayalidwa mitengo yowongoka yotchedwa boriti, yodulidwa ku mikoko, mitengo yomera m'madzi amchere m'mbali mwa nyanja. Chiswe sichiigwira msanga, koma siitalika kwambiri, moti chipinda sichingatambalale kupitirira mamita atatu kapena anayi. N'chifukwa chake ngakhale chipinda chodula kwambiri m'hotela yoteroyo chimakhala chachitali m'litali ndi m'mwamba koma chopapatiza m'lifupi. Mlendo akagona chagada amaona mitengo yakudayo ili ndandanda pamwamba pake, ndipo imeneyo ndiyo inalamula kukula kwa chipinda chimene walipira.

Nyumba za Aluya kunja n'zosadzionetsera: khoma loyera, mawindo ang'onoang'ono, moyo wonse uli m'kati mozungulira bwalo lopanda denga limene limalowetsa kuwala ndi mphepo. Za Amwenye zinkakhala ndi sitolo pansi, banja pamwamba, makonde amatabwa osemedwa ndi magalasi amitundumitundu. Pena nyumba ziwiri zimalumikizana ndi kamlatho kofoleredwa kodutsa pamwamba pa njira, kotchedwa wikio, kamene kankathandiza akazi a m'banja kuyenderana osatsikira pansi pamene pali amuna achilendo. Ulemerero wonse wa mwininyumba unkaonekera pachitseko. Zitseko za Chiluya n'zamakona anayi, pamwamba pake posemedwa mawu a mu Qur'an, pomwe za Chimwenye n'zokhota pamwamba ndipo zili ndi timitu tamkuwa tosongoka. Anthu amasimba kuti timituti tinachokera ku India, kumene tinkaletsa njovu za nkhondo kugumula zipata. Ku Zanzibar kulibe njovu, tinangokhala tosonyeza kuti muno muli ndalama.

Kuchoka pa bwinja kufika pa hotela

Pa 12 Januwale 1964 ufumu wa masultani unagwetsedwa. Aluya ndi Amwenye ambiri anaphedwa kapena kuthawa, ndipo mu Epulo chaka chomwecho Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika kupanga Tanzania. Boma latsopano linalanda nyumba zambiri za othawawo n'kulowetsamo mabanja osauka, banja limodzi chipinda chimodzi, pa lendi yochepa. Nyumba ya korali imafuna kupakidwa njereza ndi kumatidwa ming'alu chaka ndi chaka. Ikakhala ya aliyense, imasanduka yopanda mwini: madzi amvula amalowa padenga, nsonga za boriti zimawola m'khoma, kenako chipinda cham'mwamba chimagwera cham'munsi. Pofika zaka za m'ma 1980 nyumba zambiri zinali zitagwa, zina zikudikira mvula yotsatira.

M'zaka zomwezo boma linamasula malonda ndi kuyamba kukopa alendo, linakhazikitsanso ofesi yoyang'anira ndi kuteteza mzinda wakalewu, ya Stone Town Conservation and Development Authority. Mmodzi mwa anthu oyamba kuona kuti bwinja lingathe kubala ndalama anali Emerson Skeens, mzika ya ku America, amene anafika pachilumbachi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kukhazikika mpaka imfa yake mu 2014. Pamodzi ndi mnzake Thomas Green anakonza nyumba ya pa 236 Hurumzi, imene inali ya Tharia Topan, Mmwenye wolemera kwambiri yemwe ankayang'anira msonkho wa padoko m'nthawi ya Sultan Barghash. Hotelayo inkatchedwa Emerson & Green, ndipo dzina la Emerson on Hurumzi likudziwikabe lero. Pambuyo pake Skeens anatsegula ina, Emerson Spice, imene zipinda zake zambiri zinapatsidwa maina a akazi a m'masewero oimba a ku Ulaya. Njira imene iye anatsata, yosunga makoma, masitepe ndi mipando yakale n'kuika malo odyera pamwamba pa denga, ndi imene ambiri anatengera. Ku Shangani, m'mphepete mwa nyanja, mabungwe a Aga Khan anakonza nyumba yakale ya kampani ya matelegalamu n'kutsegulamo Zanzibar Serena Inn mu 1997, koma iyo ndi yokulirapo ndipo kayendetsedwe kake n'kofanana ndi ka mahotela ena a Serena.

Kufika pakhomo

Alendo amafika pandege, pabwalo la Abeid Amani Karume, kapena paboti lothamanga lochokera ku Dar es Salaam, limene limatenga pafupifupi maola awiri. Amalawi ozolowera njira ya ku Songwe ndi Mbeya pokapikula katundu ku Kariakoo amakhala atatsala ndi maola awiri okhawo, ndipo safunika viza polowa mu Tanzania, ngakhale kuti padoko la Zanzibar pasipoti amaionanso. Kuyambira mu Okutobala 2024 boma la Zanzibar linalamula kuti alendo akunja azigula inshuwalansi ya boma lomwelo asanalowe, imene mtengo wake unaikidwa pa madola 44.

Galimoto silowa m'kati mwa Stone Town. Tinjira tambiri n'topapatiza moti anthu awiri onyamula katundu amapatukirana, ndipo takisi imatsitsa mlendo kumene msewu wathera, pafupi ndi Forodhani kapena msika wa Darajani. Hotela yodziwa ntchito yake imatumiza mnyamata kukamuchingamira. Sikuti ndi ulemu chabe: tinjirato timakhota ndi kugawikana mosayembekezereka, maina ake salembedwa paliponse, ndipo mapu a pafoni amasokonezeka pakati pa makoma ataliatali. Zikwama zimanyamulidwa pamutu kapena pangolo yokankha yotchedwa mkokoteni, mlendo akutsatira pambuyo, akulambalala njinga zamoto, ana ochokera ku madrasa ndi amuna okhala pa baraza, mabenchi amiyala omangidwa kukhoma la nyumba, amene ntchito yake ndi yonga ya khonde la kumudzi.

Khomo la hotela silikhala ndi chikwangwani chachikulu. Munthu akhoza kulidutsa kawiri osalizindikira. Akalowa amalandiridwa ndi kansalu konyowa kozizira kopukutira thukuta ndi chakumwa cha bwemba kapena cha zipatso zina, kenako amakumana ndi chinthu chimene zithunzi za paintaneti sizionetsa: masitepe. Nyumba zambiri zilibe chikepe, ndipo kuboola makoma akale kuti chilowe sikuloledwa wamba. Masitepe ake ndi amatabwa, otsetsereka kwambiri, ena otalikirana mosiyana. Zipinda zabwino koposa, zolandira mphepo ya kunyanja, zili pamwamba penipeni. Munthu wa mawondo ovuta, wa mtima kapena woyenda ndi mwana wakhanda amachita bwino kufunsa za chipinda cham'munsi asanalipire.

M'chipinda

Pakati pa chipinda pamakhala bedi la Chizanzibar, lalitali moti ena amakwerapo ndi kampando, la mizati inayi, kumutu kwake kuli tizithunzi ta nkhanga za ku India kapena maluwa tojambulidwa pagalasi. Neti yoteteza udzudzu imalendewera pamizatiyo, ndipo madzulo wantchito amabwera kudzaitsitsa, kupopera mankhwala ndi kumwaza timaluwa tonunkhira papilo. Pambali pamakhala bokosi lamatabwa lokhomedwa ndi mkuwa, nyale zamagalasi ofiira ndi obiriwira, ndi nsalu za kanga zopinda bwino zoti mlendo afunde potuluka m'bafa. Bafalo nthawi zambiri ndi lomangidwa ndi simenti yosalala m'kona mwa chipinda momwemo, lotchingidwa ndi nsalu kapena kakhoma kafupi, ndipo m'zipinda zina zam'mwamba lili pakhonde, pamtetete. Kwa okwatirana kumene zimenezi n'zokoma. Kwa anthu awiri ongogwirizana kugawana mtengo wa chipinda, n'zochititsa manyazi.

Mahotela angapo a mtunduwu saika wailesi yakanema m'zipinda mwadala. Za makina oziziritsa mpweya ndiye pali kusiyana maganizo. Nyumbazi anazimanga kuti zizizizira zokha ndi mphepo yolowa pamawindo oyang'anizana n'kutulukira pabwalo lapakati, ndipo zipinda zina zam'mwamba zilibe n'komwe magalasi, zili ndi timatabwa totsekula ndi fani basi. Koma mlendo wolipira madola mazana awiri m'mwezi wa Febuluwale safuna kumva za nzeru za amisiri akale, amafuna kugona osatuluka thukuta. Makinawo amaikidwa ndithu, ndipo madzi odontha kuchokera m'menemo amanyowetsa khoma la korali pang'onopang'ono.

Bata la kugombe kuno kulibe. Mu Stone Town muli mizikiti pafupifupi makumi asanu, ndipo m'bandakucha azana, mfuu yoitanira anthu kumapemphero, imamveka kuchokera mbali zonse, wina akuyamba mnzake asanamalize. Pambuyo pake pamabwera akhwangwala, mabelu a tchalitchi, wogulitsa buledi panjinga ndi mayi wa nyumba yoyandikana akukalipira mwana, pawindo limene lili mamita awiri okha kuchokera pa la mlendo. Ena amadandaula nazo zimenezi m'mabuku a ndemanga. Kudandaulako n'kosamveka kwenikweni, pakuti phokosolo ndi umboni woti mzindawu ukadali ndi anthu ake.

Padenga

Malo a ulemu m'nyumba ya wamalonda wa ku Zanzibar anali kanyumba kamatabwa kopanda makoma kapamwamba pa denga, kumene banja linkapita kukapitidwa mphepo madzulo ndi kumwa tiyi. Mahotela anasandutsa timeneti malo odyera. Ku Hurumzi odya amavula nsapato n'kukhala pamapilo pansi, ndipo wantchito amawathira m'manja madzi onunkhira maluwa asanayambe kudya. Kuchokera pamenepo amaona madenga amalata adzimbiri, nsanja za mizikiti, nsanja ziwiri za tchalitchi cha Katolika cha St Joseph, nsonga ya kachisi wa Ahindu, ndi zombo zamatanga zikubwerera kudoko dzuwa likamalowa. Chapafupi pali Beit al-Ajaib, nyumba yachifumu imene Barghash anamanga mu 1883, yoyamba pachilumbachi kukhala ndi magetsi ndi chikepe. Mbali yake ina inagwa pa 25 Disembala 2020 ili m'kati mokonzedwa.

Chakudya chimabwera pang'onopang'ono, mbale zing'onozing'ono zotsatizana: mpunga wa pilau wonunkhira karafuu, nsomba yophikidwa mu mkaka wa kokonati, pweza, chamoyo cham'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, ndiwo zamasamba zothira kokonati m'malo mwa nsinjiro, n'kumalizira khofi wowawa wa m'timakapu topanda chogwirira, wotsagana ndi zotsekemera monga halua kapena kashata. Mmalawi akaona mawu oti kamba pa mndandanda wa zakudya asadzidzimuke: m'Chiswahili ndi tinyama tam'nyanja tonga nkhanu, osati kamba wa chigoba wa kutchire. Masiku ena pamakhala oimba taarab, nyimbo za m'mphepete mwa nyanjayi zosakaniza zoimbira za Chiluya ndi mawu a Chiswahili, zimene Siti binti Saad anazitchukitsa atapita kukazijambulitsa ku Bombay mu 1928. Malo padenga ndi ochepa, choncho ngakhale wogona m'hotela momwemo amayenera kulembetsa masana. Mahotela ena, a eni ake Achisilamu, sagulitsa mowa. Wofuna kudya motsika mtengo amangotsika n'kuyenda mphindi zochepa kupita ku Forodhani, kumene usiku uliwonse amaotcha nyama ndi nsomba, kufinya madzi a nzimbe ndi kugulitsa msuzi wa urojo.

Zimene mlendo saona

Kuyendetsa hotela m'nyumba ya zaka 150 ndi ntchito yosatha. Botolo lililonse, thumba la mpunga ndi nsalu zochapa zimalowa ndi kutuluka pamutu pa munthu, n'kukwera masitepe omwe aja. Madzi amapopedwa kupita m'mathanki apadenga, kulemera kumene omanga nyumbayo sanakuwerengere. Magetsi a pachilumbachi amachokera kumtunda kudzera m'chingwe chapansi pa nyanja, ndipo chitawonongeka mu Disembala 2009 Zanzibar inakhala mumdima pafupifupi miyezi itatu, choncho jenereta ndi chinthu choyamba chimene mwini hotela amagula. Mdani wamkulu wa makoma ndi simenti. Njereza imalola chinyezi kutuluka, pomwe simenti imachitsekera m'kati, mchere n'kumadya mwala kuseri kwa pulasitala wooneka bwino. Eni mahotela osamala amafunafuna amisiri odziwa kuotcha ndi kuviika njereza, ndipo amisiri oterowo sachuluka. Khoma looneka mathothomathotho achinyezi m'hotela yodula nthawi zambiri silisonyeza ulesi, ndi mmene korali imapumira.

Pocheza ndi antchito pamafunika kusamala ndi nthawi. Aswahili amawerenga maola kuyambira m'mawa dzuwa likatuluka, moti saa moja, ola loyamba, ndi 7 koloko. Wopangana ndi woyendetsa boti kuti akumane saa nne akafika 4 koloko adzapeza kuti mnzakeyo ankanena 10 koloko.

Kumene chuma chinachokera

Mabuku otsatsa malonda a mahotelawa amakonda kunena za masultani, zonunkhiritsa ndi Salme, mwana wamkazi wa Seyyid Said amene anathawa mu 1866 kukakwatiwa ndi wamalonda wa ku Germany. Za akapolo amazitchula mothamanga. Komatu minda ya karafuu inkalimidwa ndi akapolo, minyanga inkasenzedwa ndi akapolo, ndipo nyumba zambiri zimene lero zili ndi mabedi oyalidwa maluwa zinamangidwa ndi phindu la malonda amenewo. Ambiri mwa anthuwo ankachokera kuzungulira nyanja ya Malawi. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawaolotsa pazombo kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ankayenda pansi mpaka ku Kilwa, n'kukwezedwanso zombo za ku Zanzibar. Nyumba ya Tippu Tip, wamalonda wotchuka wa minyanga ndi akapolo amene anamwalira mu 1905, ikadalipo ku Shangani, pafupi ndi mahotela odula kwambiri.

Msika wa akapolo wa ku Mkunazini unatsekedwa mu 1873, Barghash atakakamizidwa ndi Angerezi kudzera mwa John Kirk, yemwe kale anayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Shire. Pamalo a msikawo amishoni a UMCA, motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere, anamangapo tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Mishoni imeneyi ndi yomwe ija inayambira ku Magomero mu 1861, n'kusamukira ku Zanzibar mu 1864 itagonja ndi malungo, njala ndi nkhondo, kenako n'kubwereranso kunyanja ya Malawi kukakhazikika pa Likoma. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake panakwiriridwa mtima wa Livingstone. Panja pali chikumbutso cha ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi ataimirira m'dzenje. Kuchokera ku Hurumzi ndi ulendo wa mphindi khumi wapansi.

Nyumba imene amishoniwo anafikiramo mu 1864 imatchedwa Mambo Msiige, ndipo nkhani yake ikusonyeza malire a ubwino wa mahotela. Inamangidwa ndi Mluya wolemera cha m'ma 1850, pambuyo pake inakhalapo ofesi ya kazembe wa Britain komanso chipatala cha Azungu. Lero ndi mbali ya Park Hyatt Zanzibar, imene inatsegulidwa mu 2015. Nyumba yakaleyo inapulumuka, koma pambali pake panamangidwa ina yatsopano yaikulu, imene UNESCO inadandaula kuti yatalika mopitirira zimene anagwirizana ndipo yasintha maonekedwe a gombe. Mahotela ang'onoang'ono sakhala ndi mlandu wotere, koma ali ndi wawo. Nyumba iliyonse yosanduka hotela imatulutsa mabanja amene ankakhalamo, lendi ya zotsala imakwera, ndipo sitolo ya telala kapena ya wogulitsa makala imasanduka yogulitsa ziboliboli ndi malaya a alendo. Otulukawo amapita ku Ng'ambo ndi madera ena akunja kwa mzinda wakale. Kumbali ina, popanda ndalama za alendo nyumba zambiri zikanakhala milu ya miyala, ndipo mahotela amalemba ntchito ophika, akalipentala, oimba ndi operekeza alendo a mumzinda momwemo. Skeens yemwe uja anali m'gulu la oyambitsa chikondwerero cha mafilimu cha ZIFF ndi sukulu ya nyimbo ya Dhow Countries Music Academy.

Nyengo ndi khalidwe

Mvula yaikulu, masika m'Chiswahili, imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Mitengo ya zipinda imatsika, mahotela ena amatseka kuti akonze madenga, ndipo tinjira timasanduka timitsinje. Kuyambira Juni mpaka Okutobala kumawomba mphepo ya kusi yochokera kummwera, kunja kumazizirirako, ndipo alendo amadzaza. Disembala mpaka Febuluwale kumatentha kwambiri. Mu Febuluwale mumachitika chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara, ndipo zipinda zimatha miyezi ingapo chisanafike. M'mwezi wa Ramadan malo ambiri odyera amatseka masana, kudya kapena kusuta fodya panjira kumaonedwa ngati chipongwe, ngakhale mahotela amapitiriza kuphikira alendo awo m'kati. Zovala za kugombe zimathera pachitseko cha hotela: m'tinjira amuna ndi akazi amayembekezeredwa kuphimba mapewa ndi mawondo, ndipo boma lakhala likuchenjeza alendo ndi owaperekeza za zimenezi. Alendo ambiri amagona mu Stone Town usiku uwiri kapena utatu, kenako n'kupita kumagombe a kumpoto kapena kum'mawa kwa chilumbachi.